Kuzindikira poizoni wa mankhwala ophera tizilombo pabedi la wodwala: mafunso ndi mayankho

Tsamba lino ndi la inu amene mumalandira odwala pakati pa usiku, labu itatsekedwa, wamkulu woti mumufunse kulibe: ma clinical officer, ma medical assistant, anamwino ndi ophunzira amene mwayamba kumene kulowa m'mawodi. Achibale odikirira odwala mupezamonso zokuthandizani. Poizoni ameneyu amazindikirika ndi maso, manja ndi makutu anu pomwe wodwala wagonapo. Amapha potsekereza mpweya, ndipo sachedwa, choncho amene wayamba kumuona wodwalayo ndiye ayenera kuzindikira, osadikira botolo kapena zotsatira za magazi.

Wodwala wafika ali chikomokere, omubweretsa sakudziwa chachitika. Ndiyambire pati?

Yambani ndi mpweya monga mwa nthawi zonse. M'gonekeni cham'mbali chakumanzere, kokani zimene zadzaza m'kamwa, muikeni pa okosijeni ngati alipo. Manja akamachita zimenezo, maso azifunsa funso limodzi: kodi munthuyu wanyowa?

Amene wamwa mankhwala a gulu la organophosphate kapena carbamate amatuluka madzi paliponse. Malaya amamatirira kumsana ndi thukuta ngakhale kunja kuli chisanu cha mu June. Dovu limayenderera mpaka pakhosi, mamina akutuluka, misozi ili chuchuchu koma sakulira. Chitenje kapena buluku lanyowa ndi mkodzo, mwina wadziyipitsiranso. Kupuma kwake mumakumva musanamufike, makhololo ndi thovu zikuwira pakhosi.

Mukaona choncho, pimani zinthu zisanu mofulumira. Tsegulani zikope muone tiana ta m'maso ngati tachepa mpaka kutsala kadontho. Pisani dzanja m'khwapa mumve thukuta. Mverani chifuwa mbali zonse, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati mukulira kapena mwadzaza madzi. Werengani kugunda kwa mtima, kenaka pimani BP. Tiana tating'ono, thukuta, chifuwa chonyowa, mtima woyenda pang'onopang'ono ndi BP yotsika zikapezeka pamodzi, musakayikenso. Ngakhale zitapezeka zitatu zokha, perekani atropine, jakisoni amene amalimbana ndi poizoniyu.

Pali chizindikiro china chimene anthu amachidumpha chifukwa chimafuna kuvula wodwala ndi kuyang'anitsitsa. Timinofu timadumphadumpha tokha pansi pa khungu, kawirikawiri m'zikope, pachifuwa, m'ntchafu, pa katumba ndi pa lilime. Unikani tochi chopingasa pakhungu, kapena gogodani mnofu ndi chala, mudzationa. Matenda amene amachititsa zimenezi pamodzi ndi dovu ndi ochepa kwambiri.

N'chifukwa chiyani thupi limachita zonsezi nthawi imodzi?

Misempha imatumiza uthenga ku ziwalo pogwiritsa ntchito acetylcholine. Uthenga ukangofika, acetylcholinesterase amauphwanya kuti chiwalocho chipume. Mankhwalawa amamanga acetylcholinesterase, ndiye uthenga umangobwerezabwereza ngati mpopi umene wakana kutsekeka. Zotulutsa malovu, thukuta ndi makhololo sizileka, matumbo ndi chikhodzodzo zimafinyika, timapaipi ta m'mapapo timapanikizika, mtima umabwerera m'mbuyo. Minofu imayamba ndi kudumpha kenaka n'kulefuka. Mu ubongo namo, malo olamulira kupuma amazima. Wodwala amalephera kupuma pa zifukwa zitatu nthawi imodzi: madzi m'mapapo, minofu yofooka, ndi ubongo umene waleka kulamula.

Ndi mankhwala ati amene tiyenera kuwaganizira kuno kwathu?

Ganizirani zimene zili m'nyumba ya mlimi. Posunga chimanga kuti chisafumbwe ndi nankafumbwe anthu amathira ufa wa Actellic, umene uli ndi pirimiphos-methyl, kapena Shumba, umene uli ndi fenitrothion. Onsewa ndi organophosphate, ndipo amasakanizidwa ndi mankhwala ena ophera tizilombo monga a gulu la pyrethroid. Kudimba, ku thonje ndi ku fodya kuli dimethoate, chlorpyrifos, malathion, carbaryl ndi cypermethrin. Chibwerereni mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija mu ulimi wa 2016 mpaka 2017, mabotolo otere akupezeka ngakhale m'makomo amene kale ankangolima chimanga osapopera. Kukhola kuli dibi wa nkhupakupa.

Ndiye pali tameki. Dzinali linachokera ku Temik, dzina la malonda la aldicarb, carbamate woopsa kwambiri amene anapangidwira kuthira m'nthaka ya m'munda. Amagulitsidwa mobisa m'misika m'timapepala topanda dzina, timibulu takuda, ngati mankhwala a makoswe. Vuto n'lakuti chimene wogulitsa akuchitcha tameki sichikhala aldicarb nthawi zonse. Ku South Africa, ana 6 amene anamwalira ku Naledi, Soweto, mu October 2024 anapezeka ndi terbufos, amene ndi organophosphate koma amagulitsidwa mumsewu mwanjira yomweyo. Choncho mawu akuti tameki akuuzeni kuti mukonze atropine, koma asakutsimikizireni kuti wodwala achira pofika mawa.

Achibale akangoti "mankhwala a makoswe", funsani maonekedwe ake. Alipo ena, aja a timibulu kapena timabuloko ta utoto wofiirira, wobiriwira kapena wa buluu, amene amaletsa magazi kuundana. Amene wadya amenewo amaoneka bwinobwino tsiku loyamba, n'kuyamba kukha magazi m'nkhama ndi mumkodzo patapita masiku awiri kapena atatu. Iyeyo amafuna vitamin K, atropine alibe naye ntchito.

Mtima wake ukuthamanga, tiana ta m'maso sitinachepe kwenikweni. Ndiye kuti si poizoni ameneyu?

Ayi, musafulumire kumuchotsa. Acetylcholine yemweyo amatakasanso misempha yothamangitsa mtima, kotero odwala ambiri amafika mtima uli pamwamba pa 100 ndi BP yokwera. Kusowa mpweya, mantha, kutha madzi m'thupi, mowa ndi chibayo cholowa ndi masanzi zonse zimathamangitsa mtima. Tiana ta m'maso natonso timatha kuchedwa kuchepa, ndipo ngati wodwala wabwera ndi kalata yochokera kuchipatala chaching'ono, werengani kaye ngati anamubaya kale atropine. Chimene chimanena zoona kwambiri ndi chifuwa ndi m'khwapa. Mtima wothamanga si chifukwa chomumana atropine munthu amene chifuwa chake chanyowa.

Achibale akukana kuti sanamwe kanthu. Ndiwakhulupirire?

Khulupirirani thupi la wodwala, koma achibalewo musawatenge ngati abodza. Nthawi zina sakudziwadi, anangomupeza ali kwala kuseri kwa nkhokwe. Nthawi zina akuopa. Kwa zaka zambiri gawo 229 la Penal Code ya dziko lino lakhala likutenga kuyesa kudzipha ngati mlandu, ndiye banja limaganiza za apolisi, za mpingo, za zimene anthu akanene kumudzi. Bungwe la WHO limati mwa anthu 5 alionse odzipha pa dziko lonse, pafupifupi mmodzi amamwa mankhwala a kumunda. Nkhaniyi si yachilendo, koma banja lililonse limaiona ngati manyazi akeake.

Mukafunsa pagulu la anthu khumi pakhonde, simumva kanthu. Tengani mmodzi, amene amagona naye nyumba imodzi, mupite naye pambali. Lankhulani motsitsa: "Mayi, ine si wapolisi. Ndikufuna ndidziwe mankhwala oti ndimupatse mwana wanu. M'nyumba mwanu muli mankhwala anji a mbewu, a makoswe kapena a ziweto?" Funso limeneli silinena kuti wamwa dala, n'chifukwa chake limayankhidwa. Kenaka funsani nthawi imene anamuona komaliza ali bwino, ngati anamwa mowa, ngati wasanza, zimene amupatsa kale kunyumba, ndiponso ngati pali ena amene adya naye limodzi ndipo akudwala. Anthu angapo a nyumba imodzi akadwala ola limodzi, ganizirani chakudya chothiridwa kapena chosungidwa m'chigubu cha mankhwala.

Botolo kapena pepala litumizidwe, ngakhale chithunzi cha pa foni chikwanira. Musawerenge dzina lalikulu la malonda lokha. Fufuzani timalemba tating'ono tonena mankhwala enieni ali m'katimo, chifukwa mabotolo ambiri ndi osakaniza mitundu iwiri. Mzere wa utoto wa m'munsi mwa chizindikiro, wofiira, wachikasu, wa buluu kapena wobiriwira, umanena kuopsa kwake pogwiritsa ntchito kumunda. Sunena kuti amene wamwa wa mzere wa buluu apulumuka. Kumbukiraninso kuti botolo la zakumwa lingathe kukhala ndi chilichonse chimene wogulitsa pamsika anapungulira.

Fungo lingandithandize?

Limathandiza likakhalapo. Mankhwala amadzi ambiri amanunkha adyo kapena palafini chifukwa cha mafuta amene anasungunuliramo, ndipo masanzi kapena zotuluka mu chubu cha m'mimba zimaoneka zoyera mbee popeza mankhwalawo amayera akakumana ndi madzi. Koma tameki sanunkha kwenikweni, ndipo kachasu amaphimba fungo lililonse. Mphuno ikapanda kumva kanthu, musasinthe maganizo.

Ndi matenda ati amene amafanana nawo mpaka kusocheretsa?

Apa ndi pomwe pamatayikira odwala, mbali zonse ziwiri. Wina ali ndi poizoni timamupatsa mankhwala a malungo, wina ali ndi matenda ena timamudzaza atropine.

Malungo a mu ubongo ndiwo oyamba. Aliyense wokomoka apimidwe shuga ndi malungo, zimenezo sitikambirana. Koma m'madera mwathu anthu ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi osadwala, ndiye kachipangizo koyezera malungo kakaonetsa mizere iwiri sindiye kuti funso latha. Malungo sachepetsa tiana ta m'maso mpaka kadontho, satulutsa dovu lotere. Ngati zonse zilipo, chizani zonse. Shuga wotsika amabweretsa thukuta ndi kukomoka, koma chifuwa chimakhala choyera ndipo wodwala amadzuka mukamupatsa glucose.

Kolera ndi kutsekula m'mimba kwina zimasocheretsa kwambiri nthawi ya mliri, monga uja unayamba mu March 2022, pomwe aliyense wosanza ndi kutsekula ankathamangitsidwira ku tenti. Yang'anani m'kamwa. Wa kolera amauma lilime, maso amalowa, khungu mukalitsina limachedwa kubwerera. Wa poizoni akutsekula koma m'kamwa muli dovu.

Mankhwala opha ululu a gulu la morphine, pethidine ndi codeine amachepetsa tiana ta m'maso ndi kugonetsa munthu, koma khungu limakhala louma, m'mimba muli zii, kupuma kuli kwapatalipatali kopanda makhololo. Naloxone amamudzutsa. Magazi otayikira m'tsinde la ubongo mwa munthu wa BP yokwera amachepetsanso tiana ta m'maso, ndipo mbiri ya BP, kugwa mwadzidzidzi ndi kutentha thupi zimakulozerani kumeneko.

Njoka ya songo ndi yovuta. Ululu wake uli ndi zinthu zimene zimamanganso acetylcholinesterase, ndiye wolumidwa amatuluka thukuta ndi dovu, timinofu tikudumpha, zikope zikugwa, mpweya ukuchepa. Munthu amene wadwala ali kumunda kapena kotola nkhuni muvuleni muone mapazi, miyendo ndi manja. Mabala a mano amatha kukhala aang'ono osatupa. Wolumidwayo amafuna antivenom, mankhwala othana ndi ululu wa njoka.

M'maboma a fodya monga Kasungu, Dowa ndi Mchinji, nthawi yothyola, anthu amene agwira masamba onyowa ndi mame amalowedwa nicotine kudzera pakhungu. Amachita chizungulire, mutu, nseru, kusanza ndi thukuta patangopita maola ochepa. Kawirikawiri chifuwa chimakhala choyera ndipo amachira pa tsiku limodzi kapena awiri atasamba ndi kusintha zovala. Koma m'munda womwewo amapoperamonso mankhwala, choncho funsani tsiku limene anapopera. M'nyengo ya dzinja onjezerani bowa pa mndandanda, chifukwa mitundu ina imatulutsa thukuta ndi dovu mofananamo, ndipo mwamwayi imamvera atropine.

Wobanika amene chifuwa chikulira angaoneke ngati wa mphumu, chibayo kapena mtima wolephera. Musanalembe zimenezo, tsegulani zikope. N'ntchito ya kanthawi kochepa.

Nanga ana amaonetsa zizindikiro zomwezo?

Osati nthawi zonse. Mwana amafika ali lefu, mutu ukugwa, akuodzera kapena akugwidwa ndi khunyu, ndipo timinofu todumpha ndi mtima wochedwa sizioneka kawirikawiri. Dovu ndi mamina pa mwana wamng'ono sizidabwitsa munthu, ndiye zimangodutsa. Mwana amene anali kusewera bwino m'mawa, n'kulefuka masana popanda kutentha thupi, tiana ta m'maso tili tating'ono, amenewo ndi mafunso a poizoni. Funsani ngati m'nyumba munaikidwa nyambo ya makoswe, chifukwa anthu amasakaniza tameki ndi usipa, mtedza kapena nsima n'kuika pansi pomwe mwana amakwawa. Funsaninso ngati apopera nsikidzi pamphasa ndi zofunda, kapena apaka mankhwala a kudimba m'mutu pofuna kupha nsabwe. Khungu la mwana limalowetsa mankhwala mosavuta. Mayi akamayankha mafunsowa amakhala akudziimba kale mlandu, musamuonjezere.

Ndikukayikabe. Kodi atropine angandithandize kuzindikira?

Inde. Kwa wamkulu amene simukutsimikiza, perekani 0.6 mpaka 1 mg mumsempha n'kukhala pomwepo chala chili pa mtsempha wa pamkono. Ngati mtima wakwera ndi kugunda koposa 20 kapena 25 pa mphindi, nkhope yatentha, m'kamwa mwauma, ndiye kuti m'thupi mulibe poizoni wa mtundu umenewu wochuluka. Ngati sipanasinthe kanthu, thupi lamwa atropine uja osamumva, ndipo zimenezo zikukuuzani kuti poizoniyo alimo.

Pomwe zizindikiro zili poyera, musataye nthawi ndi kuyesa. Yambani ndi 1.8 mpaka 3 mg, ndiye kuti timabotolo 3 mpaka 5 ta 0.6 mg. Pakatha mphindi 5 pimaninso zinthu zisanu zija. Ngati sizinasinthe, wirikizani kawiri mlingo uja, n'kumapitiriza choncho mpaka chifuwa chiyere, mtima upose 80, BP ya pamwamba ipose 80, m'khwapa muume. Mukafika pamenepo, werengerani atropine yense amene mwapereka, ndipo magawo 10 mpaka 20 pa 100 a mlingo umenewo aziyenda mu diripi pa ola lililonse. Kwa ana mlingo woyambira ndi 0.015 mpaka 0.05 mg pa kilogalamu. Wodwala mmodzi angathe kumaliza timabotolo tambirimbiri, choncho tumani munthu kufamase msanga. Khunyu likabwera, perekani diazepam.

Kodi palibe kuyeza magazi kotsimikizira?

Kulipo, koma m'zipatala zathu zambiri sikuchitika, ndipo ngakhale komwe kumachitika palibe amene amadikira zotsatira kuti ayambe chithandizo. Amayeza zinthu ziwiri. Butyrylcholinesterase wa m'madzi a magazi ndi wosavuta kuyeza ndipo amatsimikiza kuti munthu wakhudzana ndi mankhwalawa, koma sanena bwino kukula kwa vuto. Amapangidwa m'chiwindi, choncho amatsikanso mwa odwala chiwindi, onyentchera ndi amayi oyembekezera. Acetylcholinesterase wa m'maselo ofiira amagwirizana kwambiri ndi mmene wodwala alili, koma magaziwo amafuna kuziziritsidwa atangotengedwa, apo ayi mankhwala amapitiriza kugwira ntchito m'botolo n'kupereka nambala yolakwika. Pa carbamate zotsatira zingathe kutuluka zabwinobwino chifukwa amamasuka yekha magazi ali m'njira.

Zimene muli nazo zigwiritseni ntchito. Shuga amatha kukwera ndi poizoniyu, osathamangira kunena kuti ndi matenda a shuga. ECG, imene imajambula kagundidwe ka mtima, ingaonetse gawo lotchedwa QT litatalika. M'mimba mukamapweteka kwambiri ganizirani kapamba wotupa (pancreatitis). X-ray ya chifuwa imathandiza pambuyo pake, pofuna kuona ngati masanzi analowa m'mapapo. Ngati chifuwa chikumveka mbali imodzi yokha pomwe kwina konse kwauma, chimenecho ndi chibayo, kuonjezera atropine sikuchichotsa.

Lembaninso pofika GCS, nambala yoonetsa kuya kwa chikomokere. Amene wafika ndi GCS ya 13 kapena yochepera apo ali pa chiopsezo chachikulu, ndipo ndi amene muyenera kuyamba kumuganizira zomutumiza komwe kuli makina opumira monga ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu Central. Asakwere ambulansi chifuwa chisanaume, ndipo namwino womuperekeza anyamule atropine wokwanira ulendo wonse.

Kusiyanitsa organophosphate ndi carbamate kuli ndi phindu lanji?

Pa ola loyamba palibe, chifukwa amaoneka mofanana ndipo onse amafuna mpweya ndi atropine. Kusiyana kumabwera pa masiku. Carbamate amamasuka yekha, ndiye amene wapyola tsiku loyamba kapena awiri nthawi zambiri amachira. Organophosphate amakakamira. Ena monga chlorpyrifos ndi fenthion amabisala m'mafuta a m'thupi, amachedwa kuonekera, ndipo amatha kubwereranso atropine atachepetsedwa. Dimethoate amadziwika ndi kugwetsa BP moopsa pa tsiku loyamba ndi lachiwiri. Pralidoxime ndi mankhwala amene anapangidwira kuchiza poizoni wa organophosphate, koma kafukufuku wa ku Sri Lanka amene anatuluka mu 2009 sanapeze kuti amachepetsa imfa, choncho ngati mulibe musataye mtima. Atropine ndi mpweya ndizo zimapulumutsa.

Nanga mankhwala ena ophera tizilombo amene sali m'magulu awiriwa?

Ma pyrethroid monga cypermethrin, deltamethrin ndi lambda-cyhalothrin amayabwitsa ndi kuotcha nkhope ndi manja, ngati kukuyenda tizilombo pakhungu, ndipo zimatha zokha. Amene wamwa wambiri angatuluke dovu, kunjenjemera ngakhale kugwa khunyu, zimene zimafanana ndi organophosphate, koma safuna atropine wochuluka ndipo mukamudzaza mumupweteka. Apa kuyesa kwa atropine kuja n'kothandiza.

Dibi wa amitraz, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Triatix, ndiye wonyenga kwambiri. Amachepetsa tiana ta m'maso, mtima, BP ndi kupuma, n'kumugonetsa munthu, koma wodwalayo amakhala wouma. Ambiri amadzuka pa tsiku limodzi kapena awiri ngati mpweya wawo wasamalidwa. Dibi wina ndi organophosphate weniweni monga chlorfenvinphos, choncho mawu akuti dibi okha sakukwanira.

Mapiritsi otuwa ofukizira chimanga, a aluminium phosphide monga Phostoxin, akakumana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa phosphine wonunkha adyo kapena nsomba yowola. Wodwala amasanza, amamva kupweteka pachifu, BP imagwa osamvera diripi, koma mutu umakhala ukugwirabe ntchito mpaka mochedwa. Palibe mankhwala ochotsa poizoni ameneyu. Sachita kufuna kumwa: banja logona chipinda chimodzi ndi matumba ofukizidwa lingadwale lonse, ana n'kuyamba kugonja. Banja likabwera likusanza ndi kubanika miyezi yokolola itangotha, funsani komwe matumba a chimanga ali.

Endosulfan, amene analowa pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa pa mgwirizano wa Stockholm mu 2011 koma angapezekebe m'mabotolo akale, amayamba ndi khunyu ladzidzidzi lobwerezabwereza. Imidacloprid ndi acetamiprid nthawi zambiri amathera pa nseru, kusanza ndi chizungulire, ngakhale kuti amene wamwa wambiri amafunabe kumuyang'anira.

Wodwala akuyankhula, akuti ali bwino ndipo akufuna kupita. Ndimutulutse?

Amene wamwa agone osachepera maola 24 ngakhale asakuonetsa kanthu, ndipo muzimupima pafupipafupi. Amene anadwala n'kutsitsimuka ali ndi ngozi ina imene ikumudikira. Mu 1987 madokotala awiri a ku Sri Lanka, Senanayake ndi Karalliedde, anafotokoza za kufooka kumene kumabwera patapita maola 24 mpaka 96, pomwe dovu lauma ndipo aliyense wapumira m'mwamba. Amakutcha intermediate syndrome. Minofu ya khosi, ya m'mapewa, ya kumaso ndi yopumira imalefuka. Wodwala amakhala ali maso, chifuwa chili choyera, kenaka n'kuleka kupuma usiku gadiyani ali mtulo pansi pa bedi.

Kuzindikira kwake n'kosavuta. Wodwala atagona chagada, muuzeni kuti, "Bambo, tadzutsani mutu pa pilo," inu mutaika chikhatho pamphumi pake n'kukankha pang'ono. Ngati mutu ukulephera kudzuka kapena ukugwa msanga, minofu yopumira ili m'njira yomweyo. Chitani zimenezi maola anayi alionse, ndipo muuzeninso apume kamodzi n'kuwerenga mokweza muone pomwe afike. Nambala ikamatsika, konzani zomuthandiza kupuma. Atropine sachiza kufooka kumeneku. Ndimalimbikira kuti bedi la wodwala wotere likhale pafupi ndi tebulo la anamwino mpaka tsiku lachinayi litadutsa, ngakhale wodi itadzaza chotani.

Pomutulutsa muuzeni kuti akamva dzanzi kumapazi, kapena phazi likamakokeka poyenda patapita sabata imodzi mpaka zitatu, abwerere. Ma organophosphate ena amawononga misempha ya miyendo mochedwa choncho.

Wayamba kubwebweta, akuzula diripi, thupi latentha. Poizoni wabwerera?

Pisani dzanja m'khwapa ndipo mverani m'mimba. Ngati khungu lauma gwaa, m'mimba muli zii, chikhodzodzo chadzaza, tiana ta m'maso takula, ameneyo ndi atropine wapyola. Imitsani diripi kwa mphindi 30 mpaka 60, zikatsika muyambirenso ndi mlingo wocheperapo, magawo 70 kapena 80 pa 100 a uja munali nawo. Muziziritseni ndi nsalu yonyowa, muikeni chubu cha mkodzo. Kawirikawiri izi zimachitika tikamathamangitsa tiana ta m'maso kuti tikule, pomwe ito timachedwa kutsatira. Ngati akubwebweta koma wanyowanso, poizoni wabwereradi. Mwa munthu womwa mowa tsiku ndi tsiku, kubwebweta kwa tsiku lachiwiri kapena lachitatu kungakhalenso kwa kusowa mowa.

Kunyumba amumwetsa mkaka, mafuta ophikira ndi madzi a mchere kuti asanze. Zikusintha chiyani?

Zikukuuzani kuti muyang'anitsitse mapapo. Kusanzitsa munthu amene akuodzera kumalowetsa masanzi ndi mafuta a mankhwalawo m'chifuwa, ndipo chibayo chimenecho chimapha anthu amene poizoni akanawasiya. Achibale anachita zimenezo pofuna kupulumutsa, afotokozereni mwaulemu kuti ulendo wina angomugoneka cham'mbali, kumuvula zovala zonyowa n'kuthamanga naye. Nafenso tisapupulume kutsuka m'mimba. Kumaganiziridwa pokhapokha ngati wafika pasanathe ola limodzi kapena awiri, atropine waperekedwa kale ndipo njira ya mpweya yatetezedwa. Valani magolovesi ndi epuloni, tsegulani mawindo, zovala zake zimangidwe m'pepala la pulasitiki, thupi lisambitsidwe ndi sopo. Koma kusambitsa kusachedwetse jakisoni.

Mlimi wabwera akuyenda yekha, akudandaula mutu ndi kusaona bwino. Ndiganizire poizoni?

Funsani ntchito imene wagwira masiku awiri apitawa. Opopera thonje, tomato ndi fodya ambiri alibe zodzitetezera, amasakaniza mankhwala ndi manja, sipuleya imadontha kumsana, ndipo kabowo kakatseka ena amapemerera ndi pakamwa. Amabwera ndi mutu, chizungulire, nseru, maso achimbuuzi, kufinya pachifuwa ndi kutuluka thukuta, ndipo malungo akapanda kupezeka amangopatsidwa panado. Onani tiana ta m'maso, mverani chifuwa. Ngati mankhwala anagwera m'diso limodzi, kamwana ka diso limenelo lokha ndi kamene kamachepa. Asambe, asinthe zovala, apume kupopera, ndipo muuzeni zizindikiro zoti abwerere nazo usiku womwewo. Mukaona odwala angapo ochokera kumalo amodzi kapena ogula kwa munthu mmodzi, dziwitsani ofesi ya zaumoyo ya boma lanu. Bungwe la Pesticides Control Board ndilo lili ndi udindo woyang'anira kagulitsidwe ka mankhwalawa.

Thupi lachira. Kuzindikira kwathera pamenepo?

Patsala funso la chifukwa chimene anamwera, ndipo limeneli ndi gawo la ntchito yathu yomweyo. Atropine akachoka m'mutu, khalani naye pansi awiriwiri, katani yotseka, achibale ali panja. Mufunseni molunjika koma mofatsa ngati ankafuna kufa, ngati maganizowo akadalipo, ngati anayeserapo kale, ndiponso chimene chinamufikitsa pamenepo: ngongole, nkhanza za m'banja, mowa, matenda, mimba, mayeso. Kufunsa sikumuika munthu maganizo odzipha. Ambiri anamwa pa mkwiyo kapena chisoni cha ola limodzi chifukwa botolo linali pafupi, ndipo ena ali ndi matenda a kukhumudwa amene amachizika. Asatuluke asanaonane ndi namwino kapena clinical officer wa matenda a maganizo wa pachipatala chanu. Ofunika thandizo lopitirira angatumizidwe ku Zomba Mental Hospital kapena ku Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Gwirizanani ndi wachibale mmodzi wodalirika kuti mankhwala onse otsala achoke m'nyumba wodwala asanafike, ndipo tsiku lobwereranso kuchipatala lilembedwe m'buku lake, lisapitirire sabata imodzi.